Kadutsidwe ka pa tanelo ya Huguenot nthawi ya sinowo, kwa anyamata a kwathu kuno opita ku Cape Town

Sabata yatha mphwanga wina wa ku Namwera anandipeza pa boma pano ndikumatitsa tayala, akuti achimwene ndapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya katundu pakati pa Jubeki ndi Cape Town, ndiyamba mu June, tandiuzeni za msewu umenewu. Tinakhala pa mthunzi mpaka ku mzikiti anaitana swala ya masana, ndipo mmene amanyamuka ndinaona kuti zambiri zomwe ndamuuza aziiwala asanafike ndi pa Liwonde pomwe. Ndiye ndati ndizilembe, awerenge iye ndi ena onse, chifukwa anyamata a kuno amene ali pa chiwongolero ku Joni ndi ambiri ndipo palibe amene anaphunzitsidwa kuyenda mmapiri ozizira, tonse tinaphunzirira pa fumbi ndi dzuwa la Mangochi.

Malo amene ndikufuna tikambirane ndi tanelo ya Huguenot, msewu woboola phiri pa N1 pakati pa Worcester ndi Paarl. Ndi yaitali makilomita 3.9, inatsegulidwa mu 1988 ndipo amaiyang'anira ndi a SANRAL, bungwe la boma losamalira misewu ikuluikulu ya ku Joni. Isanabwere magalimoto onse ankakwera phiri la Du Toitskloof pa msewu wokhotakhota umene anaugwira ndi akaidi a ku Italy nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, msewu umenewo ulipobe, pano umatchedwa R101. Taneloyi inadula ulendo ndi makilomita 11, koma phindu lenileni sindiwo makilomitawo ayi, phindu ndi loti simukweranso pamwamba paja pomwe pamakhala chifunga, mphepo ndi madzi oundana. Mumalowa mbali ino ya phiri, pakatha mphindi zitatu kapena zinayi mwatulukira mbali inayo. Amene munakwerapo ku Chowe ndi lole yodzadza mukudziwa mmene injini imalirira, ndiye taganizani wina ataboola phiri limene lija kuti muzingodutsa pansi.

Poyamba dziwani nyengo yake. Ku Western Cape, chigawo chimene kuli Cape Town ndi taneloyi, zinthu ndi zotembenuka, mvula yawo imagwa nthawi yozizira, June, July mpaka August, nthawi yomwe kuno kumakhala mwera pa nyanja ndipo asodzi amakhala pa mtunda. Kukabwera mphepo yozizira yochokera ku nyanja yaikulu mvula imagwa masiku angapo ndipo pamwamba pa mapiri pamayera mbee ndi sinowo, chipale chofewa chija. Mukamatsika Hex River Pass kulowera ku De Doorns mudzaliona phiri la Matroosberg, lopitirira mamita 2,200, litavala zoyera. Mulanje wathu ndi wamtali kuposa pamenepo koma ali kufupi ndi dera lotentha, nchifukwa chake ife zimenezi sitizidziwa. Ndinene zoona, sinowo wodzadza pa tala penipeni pafupi ndi tanelo sachitika kawirikawiri, nthawi zambiri amathera mmwamba, koma kuzizira kwake kumatsika, ndipo chimene chimapweteka madalaivala ndi msewu wonyowa umene waundana usiku, umaoneka ngati tala wabwinobwino wakuda koma ndi galasi.

Kukonzeka kumayambira ku Jubeki musanalize injini. Chinthu choyamba ndi radiyeta. Kuno tinazolowera kuthira madzi a pa mpopi kapena a mu Shire amene, galimoto nkuyenda zaka, koma uko mukagona ku Karoo, dera louma limene mumadutsa pa njira, ku Beaufort West kapena Laingsburg, usiku kumazizira kutsika pansi pa madigiri 0, madzi akaundana amafufuma ndipo amatha kung'amba mapaipi ngakhale injini yeniyeniyo. Gulani antifreeze, mankhwala oletsa madzi a mu radiyeta kuundana, sakanizani monga alembera pa botolo, si ndalama yambiri poyerekeza ndi injini. Kenako matayala, ngati mizere yake yafufutika musanyengerere, auzeni abwana asinthe ndipo ngati akukana jambulani chithunzi muwatumizire pa WhatsApp kuti pakhale umboni. Mawaipa ayeseni ndi madzi, hita iyeseni ngati ikutulutsa mpweya wotentha pa galasi la kutsogolo, magetsi onse kuphatikizapo a thirela muwaone wina ataima kumbuyo. Batire yofooka imene kuno imalira bwinobwino mmawa, ku Karoo siidzalira.

Za thupi lanu musazipeputse. Jekete yochindikala, chipewa chophimba makutu, magolovesi, masokosi awiri, bulangete, madzi akumwa, buledi ndi chiponde, tochi ndi chaja ya foni. Mwina mukuti nzochuluka kwa ulendo wa tsiku limodzi ndi theka, koma mu September 2024 sinowo anatseka N3 pa Van Reenen pakati pa Jubeki ndi Durban, anthu anagona mmagalimoto usiku wonse osasuntha ndipo panali imfa chifukwa cha kuzizira, amenewo ananyamuka kunyumba akuganiza kuti madzulo akhala atafika. Mukadzatsekeredwa choncho musatuluke kuyenda wapansi kufunafuna mudzi, khalani mu galimoto, lizani injini kwa kanthawi kuti mutenthedwe kenako muzimitse, muzionetsetsa kuti paipi ya utsi sinakwiririke ndipo windo limodzi likhale lotsegula pang'ono. Ndipo chonde chonde, mbaula kapena kasitovu ka gasi mkati mwa galimoto yotseka ayi, utsi wa makala sununkha, umangokugonetsa tulo basi osadzukanso. Ndikunena izi chifukwa ndikuwadziwa anthu a kwathu, tikazizidwa maganizo oyamba ndi makala.

Mukafika pa Worcester imani. Thirani mafuta ngakhale mukuona ngati akwana, chifukwa kuthera mafuta mkati mwa tanelo ndi kuika moyo wa anthu mazana pa chiswe. Pukutani galasi mkati ndi kunja, imwani tiyi, funsani madalaivala amene akuchokera ku Cape Town kuti kutsogoloko kuli bwanji, iwowo ndi amene ali ndi nkhani yatsopano kuposa foni. Ngati muli ndi tulo gonani pompo, mwayenda makilomita opitirira 1,000 kuchokera ku Jubeki ndipo msewu wa Karoo wowongoka uja umatopetsa maso mosadziwika. Apanso ndi pomwe muyenera kudziwa chimene mwanyamula. Katundu woopsa monga mafuta ambiri, gasi ndi mankhwala oyaka saloledwa mu tanelo, magalimoto otero amadzera pamwamba pa R101. Ife timakonda kulandira makatoni omata kale, munthu akuti ndi zovala za ana, osatsegula, ndiye funsani ndithu ndipo ngati mukukaika tsegulani pamaso pa mwini wake. A mathiraki tsatirani zikwangwani za magalimoto olemera musanalowe, pomwe akuti imani muime, anthu amenewo akafuna kuona galimoto asiyeni aone.

Kuchoka pa Worcester msewu umalowa mchigwa pakati pa mapiri ataliatali, mtsinje uli mmbali. Malo amenewa dzuwa limachedwa kufika, ndiye mmawa ndi pomwe madzi oundana amabisala, makamaka pa milatho ndi pa makona a mthunzi. Ine ulendo wanga woyamba wa mu July ndinali ndi bakkie, pikapu ija, yokoka thirela, ndinaponda buleki pa kona monga ndimachitira kuno ndipo ndinamva kumbuyo kukunditsogolera, thirela ikufuna kundipitirira, mwayi kutsogolo kunalibe galimoto. Kuyambira tsiku limenelo ndimachita chonchi, liwiro ndimachepetsa ndisanafike pa kona, ndimatsitsa giya kuti injini igwire yokha ngati potsika ku Chowe, phazi pa buleki mofewa ngati ukuponda dzira, chiwongolero osachikhotetsa mwadzidzidzi. Galimoto ikayamba kutsetsereka chotsani phazi pa moto, musamenye buleki, yang'anani komwe mukufuna kupita ndipo manja atsatire maso. Mpata pakati pa inu ndi wa kutsogolo uwirikize kawiri kapena katatu kuposa wa masiku onse.

Tsopano polowa. Chotsani magalasi a dzuwa mukadali kunja, yatsani magetsi enieni a dimu osati timagetsi ta paking'i, ndipo osayatsa a fulu chifukwa mu tanelo imeneyi magalimoto amayenda mbali zonse ziwiri mu bowo limodzi, wina akupita wina akubwera, mukamuthobwa mmaso mnzanuyo ndi inu nomwe amene akugundeni. Tsekani mawindo ndipo dinani batani lija lozungulitsa mpweya wa mkati kuti utsi wa mathiraki usalowe. Koma apa pali kanthu kamene ambiri sakadziwa, mkati mwa phiri mumafunda kuposa kunja, ndiye galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wachinyezi limachita nthunzi nthawi yomweyo, kunja ndi mkati momwe, mumangoona zoyera. Musachite mantha nkuponda buleki, menyani waipa kamodzi, hita ikhale italoza pa galasi musanalowe, ngati muli ndi eyakoni iyatseni pamodzi ndi hitayo imaumitsa msanga, ndipo nthunzi ikakana bwezerani batani lija kuti mpweya wa kunja ulowe. Kansalu kouma kakhale pafupi, amene mwakhala naye ndiye apukute, inu manja pa chiwongolero.

Mkatimo malamulo ndi ochepa koma ndi olimba. Liwiro ndi limene lalembedwa pa zikwangwani, makamera alimo ndipo kuli anthu amene amayang'ana usana ndi usiku. Kupitirira mnzanu ayi ngakhale thiraki ya kutsogolo ikuyenda ngati kamba, ndi mphindi zochepa zokha pirirani. Kuima kuti mujambule ayi, kubwerera chambuyo ayi, kutembenuka ayi. Foni isiyeni, ndikudziwa mtima umafuna kujambula vidiyo yotumiza ku gulu la kumudzi kuti aone kuti mwalowa pansi pa phiri, mpatseni amene mwakwera naye ajambule. Chachikulu kwambiri ndi mpata. Kuno pa depoti tinazolowera kugundanitsa mabampa kuti wina asalowerere, khalidwe limenelo lisiyeni pa khomo la tanelo. Wa kutsogolo akadutsa chizindikiro china werengani pang'onopang'ono mpaka 4 musanachifike inu, thiraki yolemera ionjezere. Ndipo mzere ukaima, inu imani patali, musakafike pa bampa ya mnzanu, mpata umenewo ndi umene ungakupulumutseni ngati galimoto yakeyo yagwira moto. Mukaona kuti kuimako kwatalika zimitsani injini.

Galimoto ikakuvutani mkati yatsani mahazadi nthawi yomweyo, yesetsani kuikankhira pa malo oimikapo amene anawakonza mmbali, ngati ikuyendabe ngakhale movutika ndi bwino kutuluka nayo kunja. Mukaima zimitsani injini, tulukirani mbali ya khoma, pitani pa foni ya ngozi imene ili mmbali mwa msewu, imeneyo ndi yabwino kuposa ya mmanja chifukwa amene akuyankha amadziwiratu pomwe muli. Kunja kwa tanelo nambala ya ngozi pa foni ya mmanja ndi 112. Musayambe kutsegula boneti ndi kugona pansi pa galimoto ngati tili pa garaja ya pa Soko, dikirani eni ake a tanelo abwere adzakukokeni. Ena amaopa kuimba chifukwa cha mapepala, poti pemiti yatha kapena laisensi ili ndi vuto, nchifukwa chake ndimati konzani mapepala musanayambe ntchito imeneyi, munthu wamantha ndi apolisi amapanga ziganizo zoipa pa ngozi.

Nkhani ya moto ndi imene ndinakhalitsa nayo mphwanga uja, ndipo ndikhalitsa nayonso pano. Pa 24 March 1999 thiraki ina inagwira moto mkati mwa tanelo ya Mont Blanc, imene imaboola phiri la sinowo pakati pa France ndi Italy, yaitali makilomita 11.6. Inanyamula chiyani? Ufa ndi majarini basi, katundu amene ife timanyamula tsiku ndi tsiku osamuganizira nkomwe. Majarini atasungunuka anayaka ngati mafuta, moto unatha masiku opitirira awiri, anthu 39 anafa ndipo taneloyo inakhala yotseka zaka zitatu. Ambiri mwa anthu amenewo anapezeka mmagalimoto mwawo, anatseka mawindo nkumadikira kuti wina abwera. Mu October 2001 zinachitikanso mu tanelo ya Gotthard ku Switzerland, mathiraki awiri anagundana ndipo anthu 11 anafa. Mu tanelo chimene chimapha msanga ndi utsi, ulibe kopita, umayenda mu bowomo mofulumira kuposa munthu wothamanga ndipo mphindi zochepa simuonanso ngakhale dzanja lanu.

Ndiye mukaona utsi kutsogolo ndipo mzere waima, chitani izi mosazengereza. Imikani galimoto mmbali, zimitsani injini, makiyi asiyeni momwemo kuti ozimitsa moto athe kuisuntha, tulutsani aliyense amene mwakwera naye, thawani kulowera kosiyana ndi utsi mukutsatira zikwangwani zobiriwira za kamunthu kothamanga. Pa Huguenot pali bowo lachiwiri pambali limene linakumbidwa koma magalimoto sayendamo, ndipo pali makomo olowera kumeneko pothawa, mukaona khomo lotero lowani ndi kutseka. Utsi ukakupezani weramani, mpweya wabwino umakhala pansi, tsekani mphuno ndi nsalu, dzanja limodzi likhale pa khoma kuti musasochere. Ngati moto uli pa galimoto yanu ndipo ndi waung'ono yesani chozimitsira kamodzi, ukakana thawani.

Ndikudziwa chimene chidzakugwirani mwendo pa nthawi imeneyo, ndi katundu. Mu thirela muli firiji ya mayi wina wa ku Makanjira amene mwana wake wagwira ntchito zaka ziwiri kuti aigule, muli njinga, matiresi, makatoni a anthu amene anakukhulupirirani ndipo nambala yanu ali nayo, mtima udzati ndikaisiya galimotoyi ndikawauza chiyani. Mudzawauza muli moyo, tidzakhala pansi ndi akuluakulu nkukambirana za malipiro, zimenezo zimatheka. Pasipoti, foni ndi ndalama zikhale mu kachikwama kamodzi kapena mthumba la jekete nthawi zonse kuti musabwerere kukafuna kanthu. Ine ndinaperekezapo maliro ochokera ku Joni kuyambira pa Mwanza mpaka kumudzi, sindifuna kudzaperekeza wina chifukwa cha firiji.

Potuluka mbali ya Paarl musamasuke msanga. Maso amachita chidima ndi kuwala, ndipo nyengo ya mbali iyi imatha kusiyana kotheratu ndi imene mwaisiya, mutha kulowa kuli dzuwa nkutulukira mu mvula yamphamvu kapena chifunga. Mukangotuluka muli pa mlatho wautali wokhota umene uli pamwamba kwambiri pa chigwa, ndipo mphepo ya pamenepo si yamasewera, mu April 2024 inakankha thiraki mpaka kuigwetsa pa mlathowo. Amene mumapakira katundu kumwamba ngati chulu, matiresi pamwamba pa mafiriji, inu ndi amene mphepo imakufunani, mangani katundu motsika ndipo tenti ikhale yokoka bwino isamakupize. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, liwiro pansi, giya yotsika chifukwa msewu umatsetsereka mpaka pa tologeti. Akalengeza kuti mphepo yakula ndipo magalimoto aatali adikire, dikirani, abwana akaimba auzeni kuti msewu watsekedwa ndi eni ake.

Tologeti ili mbali ya Paarl yomweyo, ngati pa Chingeni paja kungoti mtengo umasiyana malinga ndi kukula kwa galimoto ndipo umasintha chaka ndi chaka, ndiye funsani mtengo watsopano musananyamuke ndipo ndalamayo muipatule. Pali anzathu ena amene amadzera pamwamba pa R101 kuti ndalama ya tologeti ilowe mthumba. Mu December kuli dzuwa, galimoto yopepuka, palibe vuto, malo ake ndi okongola ndipo anyani amakhala mmbali mwa msewu ngati a ku Cape Maclear, musawapatse chakudya. Koma mu July usiku ndi thirela yodzadza ine sindingakuuzeni kuti mutero, dizilo amene muwotche pokwera ndi mabuleki amene mupsereze potsika aposa ndalama mwasungayo, ndipo chifunga cha pamwamba paja chimabisa ngakhale mzere woyera. Tsiku limene tanelo yatsekedwa ndipo aliyense akudzera pamwamba, khalani kumbuyo kwa thiraki yoyenda modekha patali bwino, giya yotsika kuyambira pamwamba mpaka pansi, mukamva fungo la mabuleki imani pa malo otakasuka azizire, osawathira madzi.

Pobwerera ku Jubeki zonse ndi zomwezi kungoti mumayamba ndi tologeti, kenako mlatho, kenako tanelo, ndiye mafuta thirani pa Paarl. Ndipo ngati mwagona ku Worcester kapena ku Touws River nkupeza mmawa galasi lachita chipale, musathire madzi otentha a tiyi, limasweka pompo, lizani injini, lozetsani hita pa galasi, palani pang'onopang'ono ndi khadi ya pulasitiki, ndipo dikirani dzuwa likwere kaye musanalowe mmapiri.